Bwanji banja la a Otto Frank silinathawire kutali nthawi ikadalipo?

NaBanda:

Abale anga, ndithandizeni maganizo pa nkhani ya banja la a Otto Frank, bambo ake a Anne Frank, mtsikana Wachiyuda uja amene ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku ali kobisala ku Amsterdam. Ambiri timakamba za mtsikanayo, koma ine amene akundisowetsa mtendere ndi bambo akewo.

Taonani. Hitler atangotenga boma mu Januwale 1933, a Otto sanadikire. Anaona kuti ku Frankfurt, kwawo kobadwira, sikudzakhalanso malo a Myuda, ndipo chaka chomwecho anapita ku Amsterdam kukayendetsa kampani ya Opekta, yogulitsa zolimbitsira jamu. Akazi awo a Edith ndi ana awiri, Margot ndi Anne, anawatsatira, ndipo Anne ndiye anafika pomaliza mu Febuluwale 1934. Ndiye kuti anali munthu woona patali. Nanga bwanji anangodumpha malire n'kuima pomwepo? Netherlands ndi dziko logundizana ndi Germany. Mayi awo ndi mlongo wawo anali ku Basel m'dziko la Switzerland. M'bale wawo Robert anali ku London. Alamu awo awiri, Julius ndi Walter, anakafika mpaka ku America. Onsewa anapulumuka. Iwo anali ndi zaka 6 zathunthu nkhondo isanawapeze, anali ndi bizinesi, ndiponso ali mnyamata anakhalapo ku New York, kotero America sichinali chinthu chachilendo kwa iwo.

Mapeto ake tikuwadziwa. Anthu 8 anabisala m'nyumba imodzi ku Amsterdam, wobwerako anali mmodzi yekha, ndipo anali iwowo. Ine ndili ndi ana aakazi, ndipo ndikaganiza za Margot wa zaka 16 akulandira kalata yomuitana kukagwira ntchito yakalavulagaga ku Germany, thupi limachita tsembwe. Sindikufuna kuweruza munthu amene anaona zimene ine sindinaone, koma mumtimamu funso silikuchoka. Kodi kunali kukonda bizinesi? Kunali kudalira kuti zinthu zisintha? Kapena pali zimene sindikuzidziwa? Amene mwaifufuza nkhaniyi ndiuzeni mosabisa.

aGama, mphunzitsi wopuma:

Mayi NaBanda, funso lanu ndi la kholo ndipo ndalimva. Koma a Otto anayesa kuthawa, ndipo anayesa kangapo. Umboni wake ndi makalata awo amene anapezeka m'nkhokwe ya bungwe la YIVO ku New York n'kulengezedwa mu 2007.

Tiyambe ndi kusankha Netherlands. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, dzikolo silinalowerere mbali iliyonse ndipo Germany sinalikhudze. A Otto anamenya nawo nkhondo imeneyo ngati msilikali wa Germany mpaka kupatsidwa udindo, choncho ankadziwa bwino mbiri imeneyi. Mu 1933 munthu aliyense wanzeru akanati ku Amsterdam n'kotetezeka, komanso n'kumene kunapezeka ntchito yodyetsera banja. Muyenera kukumbukira kuti wothawa kwawo sankaloledwa kungofika m'dziko la eni n'kukhala, ankafunika kuonetsa kuti adzadya chiyani.

Zinthu zitaipiraipira mu 1938, chaka chimene Germany inameza Austria ndiponso masunagoge anatenthedwa usiku wa pa 9 Novembala, a Otto analembetsa banja lawo ku ofesi ya kazembe wa America ku Rotterdam, imene inali yokhayo yopereka maviza otere m'dziko lonselo. Apa ndi pamene pali chimake cha nkhani. America inkalandira anthu potsata dziko limene anabadwira, osati kumene akukhala. A Frank anabadwira ku Germany, ndiye ankawerengedwa pa chiwerengero cha Germany ndi Austria, chimene chinali anthu 27,370 pachaka. Pofika 1939 odikira pamzere umenewo anali opitirira 300,000. Werengani nokha kuti munthu akanadikira zaka zingati. Ndipo musaganize kuti mayiko ena anatsegula zitseko. Mu Julayi 1938 nthumwi za mayiko 32 zinakumana ku Evian ku France kukambirana za Ayuda othawa, ndipo pafupifupi onse anangodandaula pakamwa osawonjezera malo. Chaka chotsatira sitima yapamadzi ya St. Louis inanyamuka ku Hamburg ndi anthu 937, inakanidwa ku Cuba, inakanidwa ku America, n'kubwerera ku Europe. Mwa anthu amenewo, 254 anadzaphedwa.

Kenaka pa 10 Meyi 1940 asilikali a Germany analowa mu Netherlands. Pa 14 Meyi ndege zawo zinaphulitsa Rotterdam, ndipo ofesi ya kazembe ija inapsa limodzi ndi mapepala a anthu onse amene analembetsa. Zaka ziwiri zodikira zinangopita m'phulusa.

A Otto sanataye mtima. Pa 30 Epulo 1941 analembera mnzawo wakale wa ku yunivesite ya Heidelberg, a Nathan Straus, a m'banja la eni sitolo yaikulu ya Macy's ku New York, amene panthawiyo anali ndi udindo waukulu woona za nyumba m'boma la America. Anawapempha chikole cha madola 5,000 ndipo ananena momveka kuti akupempha chifukwa cha ana, osati iwo eni. A Straus anavomera. Alamu awo aja nawonso analemba zikalata zolumbira kuti adzawasamala, ngakhale malipiro awo anali ochepa. Taganizani, munthu ali ndi mnzake wolemera komanso wodziwika m'boma, koma zinakanikabe.

Chinalepheretsa n'chiyani? Mapepala amene ankafunika onse panthawi imodzi. Pankafunika chikalata cha wokusunga ku America, umboni woti walipira tikiti ya sitima, chilolezo chotulukira kuchokera kwa Ajeremani, ndi maviza odutsira mayiko a panjira mpaka kukafika ku doko ngati Lisbon. Pepala lililonse linali ndi tsiku lothera ntchito, ndiye ukapeza lachinayi, loyamba lija latha kale. Mu Juni 1941 America inakhwimitsanso malamulo: aliyense wosiya wachibale wapafupi m'dera lolamulidwa ndi Germany ankakayikiridwa kuti angadzakakamizidwe kukhala kazitape. Izi zinatanthauza kuti banja lichoke lonse kapena asachoke ndi mmodzi yemwe, ndipo m'nyumba ya a Frank munalinso agogo, mayi ake a Edith, amene anathawa ku Aachen mu 1939. Mwezi wotsatira maofesi onse a kazembe wa America m'mayiko ogwidwa ndi Germany anatsekedwa.

Inatsala njira imodzi, yodzera ku Cuba, ya ndalama zambiri zedi. A Straus ndi alamu aja anasonkha, ndipo pa 1 Disembala 1941 viza inatuluka, ya a Otto okha, poyesa kaye ngati njirayo ingatheke. Pa 11 Disembala Germany inalengeza nkhondo ndi America ndipo vizayo inafafanizidwa. Ngakhale ikanakhalapo, Ajeremani anali ataletsa kale Ayuda kutuluka kuyambira mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo mu Novembala analanda unzika wa Myuda aliyense wa ku Germany wokhala kunja. Kuyambira pamenepo banja la a Frank linalibe dziko lililonse lolitcha anthu ake.

Za Switzerland zimene mwatchula, dzikolo ndi limene linagwirizana ndi Germany mu 1938 kuti mapasipoti a Ayuda azidindidwa chilembo cha J kuti azidziwika pamalire, ndipo mu Ogasiti 1942 linatsekeratu malire ake kwa iwo. Kukhala ndi mayi ku Basel sikunali chiphaso.

Pa za bizinesi, ine ndikuona kuti ndi imene inawapatsa zaka ziwiri zowonjezera za moyo. Ayuda ataletsedwa kukhala ndi makampani, a Otto anaisamutsira m'manja mwa anzawo odalirika, a Johannes Kleiman, a Victor Kugler ndi a Jan Gies, ndipo mwakachetechete anayamba kututira mipando ndi zakudya m'zipinda za kuseri kwa ofesi, pa Prinsengracht 263. Kalata ya Margot itafika pa 5 Julayi 1942, m'mawa mwake anali atalowa kale. Munthu wogona sakanakonzeka chonchi.

Kondwani:

Aphunzitsi, zikomo, zambiri mwa izi zamaviza zikumveka. Koma pali mbali ina imene ine sindikugwirizana nanu kwathunthu, ndipo ndikhululukeni ngati ndikulankhula mopyola msinkhu.

Njira ya banja lonse inatsekeka, inde. Nanga ya ana okha? Msuweni wa a Otto wa ku England anadzipereka kulandira atsikana awiriwo nkhondo isanafike ku Netherlands, ndipo makolowo anakana chifukwa sakanatha kusiyana nawo. Yerekezani ndi a Fritz Pfeffer, dokotala wa mano amene anadzabisala nawo m'nyumba yomweyo kuyambira Novembala 1942. Iwo anatumiza mwana wawo Werner ku England kumapeto kwa 1938, panthawi imene Britain inalandira ana pafupifupi 10,000 opanda makolo awo. A Pfeffer anafera ku msasa wa Neuengamme mu Disembala 1944, koma mwana uja anakhala ndi moyo mpaka kukula.

Chachiwiri ndi kabisalidwe. Mabanja ambiri Achiyuda ku Netherlands ankagawikana: mwana uyu kwa mlimi wakumudzi, uyo kwa banja lina, makolo kwina, ndipo ankasamukasamuka. Mwana mmodzi amabisika mosavuta, amangotchedwa wachibale wochokera ku mzinda wophulitsidwa. Anthu 8 pamalo amodzi, pakati pa mzinda, pamwamba pa nyumba yosungiramo katundu mmene antchito ena sankadziwa chinsinsi, kwa miyezi 25, apa ndiye kuti wina akangotsegula chitseko onse apita. Ndi mmene zinachitikiradi pa 4 Ogasiti 1944. Pa Ayuda pafupifupi 28,000 amene anabisala m'dzikolo, awiri mwa atatu alionse anapulumuka. Sindikunena kuti a Otto anali wosasamala. Ndikungoti panali zosankha, ndipo chimene anasankha chinali choopsa kwambiri.

NaBanda:

Aphunzitsi aGama, mwanditsegula m'maso, makamaka pa za Rotterdam ndi viza ya masiku 10 ija. Mkwiyo umene ndinali nawo pa bambowo wasamukira kwa amene ankakhala m'maofesi n'kumawonjezera mapepala anthu akufa.

Achimwene a Kondwani, mfundo yanu ndi yolemera, koma pamenepo ndiye ndikuwamvetsa a Edith. Kupereka mwana wa zaka 10 kuti awoloke nyanja, osadziwa ngati udzamuonanso, pamene dziko limene uli likadali pamtendere ndipo England yomweyo ikuyembekezera mabomba? Ine manja anga sakanamasuka. A Pfeffer anatumiza mwana wawo kuchokera ku Berlin masunagoge akufuka utsi, pamene a Frank ankayang'ana ana awo akupita kusukulu panjinga m'misewu ya Amsterdam. Si chimodzimodzi.

Tsono wina andifotokozere zimene zinachitika atagwidwa. Nkhondo inali pafupi kutha, zinatheka bwanji kuti onse afe chonchija?

NaPhiri:

Achemwali, mbali imeneyi ndi yowawa chifukwa zinangosiyana ndi masabata ochepa.

Atagwidwa ndi wapolisi wa Germany dzina lake Karl Silberbauer pamodzi ndi apolisi Achidatchi, anawatsekera masiku angapo ku Amsterdam, kenaka pa 8 Ogasiti anawatumiza ku msasa wa Westerbork. Msasa umenewu sanamange Ajeremani. Unamangidwa ndi boma la Netherlands mu 1939 kuti muzikhala Ayuda othawa ku Germany, ndipo Ajeremani anaupeza uli wokonzeka kale, n'kuusandutsa pokwerera sitima zopita kum'mawa. Chifukwa choti anabisala, a Frank anawerengedwa ngati olakwira lamulo, anawaika m'nyumba ya chilango ndi kuwapatsa ntchito yophwanya mabatire akale.

Pa 3 Sepitembala 1944 anawakweza m'mabogi onyamulira ziweto, anthu 1,019. Imeneyi inali sitima yomaliza kuchoka ku Westerbork kupita ku Auschwitz, msasa wopherako anthu wa ku Poland. Tsiku lomwelo asilikali a Britain ankalowa mu Brussels, likulu la dziko loyandikana nalo. Ulendowo unatenga masiku atatu, ndipo atafika amuna anawapatula kwa akazi pomwepo pa siteshoni. A Otto sanawaonenso akazi awo ndi ana awo. Anthu mazana angapo a m'sitimayo, makamaka okalamba ndi ana aang'ono, anawapha ndi mpweya wapoizoni atangofika. Anne anali atakwanitsa zaka 15 mu Juni.

A Hermann van Pels, bambo a banja lina limene linabisala nawo, anaphedwa ndi mpweyawo mu Okutobala. Chakumapeto kwa mwezi womwewo Margot ndi Anne anasankhidwa kupita ku msasa wina wa Bergen-Belsen ku Germany, mayi awo n'kutsala. Amene anali nawo anadzafotokoza kuti a Edith ankabisa buledi wawo kusungira ana amene anali atachoka kale. Anamwalira ndi njala ndi matenda pa 6 Januwale 1945, kutatsala masabata atatu kuti asilikali a Soviet Union afike pa 27 Januwale.

Ku Bergen-Belsen kunalibe zipinda za mpweya wapoizoni. Chinkapha anthu ndi njala, kuzizira, kuthithikana, ndi matenda a typhus ofalitsidwa ndi nsabwe. Kumeneko Anne analankhulana kudzera pa mpanda ndi mnzake wa kusukulu, Hanneli Goslar, amenenso banja lake linathawa ku Germany, ndipo Hanneli anamuponyera kaphukusi ka chakudya. Anne panthawiyo ankakhulupirira kuti bambo ake anaphedwa kale. Margot anayamba kumwalira, Anne n'kutsatira patapita masiku ochepa, cha mu Febuluwale kapena Malichi 1945. Asilikali a Britain anafika pamsasapo pa 15 Epulo. Mayi Auguste van Pels, akazi awo a Hermann, anafera pa ulendo wosamutsidwa cha mu Epulo, ndipo mwana wawo Peter, amene anayendetsedwa ulendo wautali wochoka ku Auschwitz m'nyengo yachisanu, anafera ku msasa wa Mauthausen mu Meyi.

A Otto anapulumuka chifukwa anali m'nyumba ya odwala pamene alonda ankathawa ndi akaidi otha kuyenda. Anabwerera kudzera ku Odessa ndi Marseille, anamva za imfa ya akazi awo ali panjira, n'kufika ku Amsterdam pa 3 Juni 1945. Kwa milungu ingapo ankafunsa aliyense wobwerako za ana awo, mpaka mu Julayi pamene amayi awiri apachibale amene anali ku Bergen-Belsen anawauza zoona. Ndi pamene a Miep Gies, mmodzi wa antchito amene ankawabweretsera chakudya zaka ziwiri zija, anatulutsa zolemba za Anne zimene anatola pansi banjalo litagwidwa, n'kuwapatsa.

aGama, mphunzitsi wopuma:

Mwana wanga Kondwani, sunapyole msinkhu, ndipo ziwerengero zako n'zoona. Ndingokupempha uyang'ane mwezi. Julayi 1942 ndi mwezi umene sitima zoyamba zinanyamuka ku Westerbork. Magulu obisa ana, monga a ophunzira a ku Utrecht ndi Amsterdam, anali akungoyamba kumene. Ntchito yozembetsa ana mazana angapo kuchokera ku nyumba yolerera ana yoyang'anizana ndi holo ya Hollandsche Schouwburg ku Amsterdam, mmene Ajeremani ankasonkhanitsira Ayuda asanawatumize kumisasa, mothandizidwa ndi a Walter Süskind ndi a Henriëtte Pimentel, inafika pachimake mu 1943. Kalata ya Margot itafika, a Otto anali ndi usiku umodzi wokha. Komanso anali alendo, olankhula Chidatchi chomveka kuti ndi ochokera ku Germany, opanda achibale kumidzi. Anthu okhawo amene akanawakhulupirira ndi moyo wa ana awo anali a mu ofesi yawo, ndipo anthuwo anaikadi moyo wawo pachiswe: a Kugler ndi a Kleiman anamangidwa tsiku lomwelo la 4 Ogasiti, a Johan Voskuijl ndi amene anakhoma shelefu ya mabuku yobisa chitseko, mwana wawo Bep ndi a Miep ankasaka chakudya cha anthu 8 ndi makuponi ogulidwa mobisa.

Ndiponso kugawikana sikunali chitsimikizo. Ku Netherlands kunali gulu la anthu osaka Ayuda amene ankalipidwa magilda (ndalama ya dzikolo panthawiyo) 7.50 pa munthu aliyense wopezeka, ndipo kaundula wa boma anali wolongosoka kwambiri moti mu 1941 pafupifupi Myuda aliyense analembedwa ndi adiresi yake. Pa Ayuda pafupifupi 140,000 a m'dzikolo, 107,000 anatengedwa, obwerako anali pafupifupi 5,000 okha. Atatu mwa anayi alionse anafa, kuposa ku Belgium kapena ku France.

Mayi NaPhiri afika pa 1945, koma nkhani ya mapepala sinathere pomwepo. Nkhondo itatha, boma la Netherlands silinavomereze lamulo la chipani cha Nazi lolanda unzika lija, ndipo zotsatira zake zinali zoti Ayuda ochokera ku Germany amene anapulumuka m'misasa anayamba kuwerengedwa ngati nzika za dziko la adani, ofunika kupempha chikalata chowayeretsa. A Otto anakhala m'nyumba ya a Miep ndi a Jan Gies zaka 7, ndipo unzika wa Netherlands anaupeza mu 1949, patatha zaka 16 chifikireni m'dzikolo. Mu 1952 anasamukira ku Basel kumene kunali mayi awo ndi mlongo wawo, ndipo anamwalira m'dera lomwelo mu 1980.